Zaka zisanu za uinjiniya: mwana akaphunzire kuti?

Madzi amene amatuluka pa mpopi ku Ndirande kapena ku Chilomoni amakhala atakwera phiri. Ambiri mwa madzi a mumzinda wa Blantyre amatungidwa mu mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni, ndipo kuti afike kumtunda amakankhidwa ndi mapampu, kudzera pa Chileka, kukwera mamita pafupifupi 800. Mwana wa Fomu 4 amene ankatchera khutu m'kalasi ya fizikisi akhoza kuwerengetsera yekha: kukweza malita 1,000, omwe ndi ndowa 50 za malita 20, kufika pamenepo kumadya mayunitsi awiri a magetsi ndi kachidutswa, ndipo uku n'kuyerekeza kuti pampuyo sikutaya mphamvu iliyonse, pampu yomwe kulibe padziko lapansi. N'chifukwa chake magetsi akavuta kumunsi kwa Shire, mipopi ya kumtunda imauma.

Pa ulendo wa madziwo pamakumana anthu amene anaphunzira zinthu zosiyana kwambiri. Amene anayeza nthaka, kujambula njira ya mapaipi ndi kuwerengetsera makulidwe a matanki a konkire ndi injiniya wa zomangamanga. Amene amadziwa chifukwa chake pampu yayamba kunjenjemera ndi kutentha ndi wa makina. Mamota ndi mathiransifoma ali m'manja mwa wa zamagetsi, pamene kusefa matope a mu Shire ndi kuyeza mankhwala ophera tizilombo ndi gawo la wodziwa kemisitiri ya m'mafakitale. Mmodzi akadwala, mnzake sangangotola chipewa chake n'kulowa m'malo. Komabe zotsatira za MSCE zikatuluka, mwana atabweretsa mapointi 9 kapena 12, pakhomo pamamveka funso limodzi: apite ku Poly kapena ku MUST? Amalume amatchula kumene anaphunzira mwana wa mnzawo wa kuntchito, mayi amaganiza za mtengo wa basi, mwini wakeyo maso ali pa zithunzi za nyumba zosanjikizana zomwe anaziona pa Facebook. Zoti akufuna kudzamanga kapena kudzakonza chiyani zimafunsidwa pomaliza, mwinanso osafunsidwa n'komwe, chonsecho nkhani imayenera kuyambira pamenepo. M'Malawi muno masukulu a uinjiniya ndi ochepa ndipo anagawana ntchito, moti munthu akadziwa kosi yomwe akufuna, kawirikawiri sukulu yake imakhala yadziwika kale.

Poly ija lero ndi Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Inatsegulidwa mu 1965, inakhala nthambi ya University of Malawi kwa zaka zoposa 50, kenaka mu 2021 inaima payokha. Ili m'mphepete mwa msewu wa Masauko Chipembere, pakati pa Ginnery Corner ndi Chichiri, kufupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo mainjiniya ochuluka a ku ESCOM, EGENCO, Roads Authority ndi mabungwe a madzi anadutsa m'makalasi ake. Kumeneko n'kumene kuli makosi akalekale aja: zomangamanga, zomwe anazigawa m'magawo a nyumba ndi milatho, misewu, ndi madzi, zamagetsi ndi zamatelefoni, zamakina ndi zamagalimoto. M'zaka zapitazi anawonjezera za migodi, za miyala ya pansi pa nthaka ndi za zipangizo za m'chipatala. Mwana amene mtima wake uli pa milatho yomwe namondwe Freddy anakokolola mu Malichi 2023, kwawo kwenikweni ndi kumeneku.

MUST, Malawi University of Science and Technology, ndi ya dzulodzuloli. Inamangidwa ku Ndata, m'boma la Thyolo, ndi ngongole yochokera ku China, ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 2014. Oyambitsa ake sanafune kubwereza za ku Poly. Anatsata maphunziro omwe kale Mmalawi ankachita kuwolokera nyanja kuti awapeze: uinjiniya wa kemisitiri, wa kuyenga zitsulo, wa zipangizo za m'chipatala, ndi wa kapangidwe ka katundu m'mafakitale. Amene amadabwa kuti nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa zimasanduka bwanji shuga, kuti zotsalira zake zimasanduka bwanji ethanol yemwe amasakanizidwa ndi petulo, kapena kuti mwala wa laimu wa ku Kasungu umapsa bwanji mpaka kukhala simenti, ameneyo ayang'ane ku Thyolo.

Pali masukulu ena awiri omwe pakhomo satchulidwa nkhani ya uinjiniya ikamakambidwa, ndipo kumeneko n'kulakwitsa. Ku Bunda, komwe kuyambira 2012 kuli pansi pa Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, amaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi ndi wa mthirira. Ana ena amanyoza akamva mawu oti ulimi, ngati kuti akawapatsa khasu. Akanaona ngalande yaikulu yomwe ikukumbidwa kuchokera pa Kapichira, yofuna kuthirira mahekitala pafupifupi 43,000 ku Chikwawa ndi ku Nsanje, akanadziwa kuti kuyendetsa madzi pa nthaka yafulati, osalola kuti athamange n'kugumula makoma kapena azengereze n'kusiya mchenga, ndi masamu enieni. Ku Mzuzu University, pa Luwinga, kuli maphunziro a mphamvu za dzuwa, mphepo ndi madzi. Zaka khumi zapitazo wina akanafunsa kuti ntchito yake akaipeza kuti. Lero ku Salima kuli munda wa masola wa mamegawati 60 womwe unayamba kugwira ntchito mu 2021, ku Golomoti kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire, ndipo dziko lonse linaphunzira mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, kuti kudalira mtsinje umodzi n'kuika moyo pachiswe.

Masukulu a boma onsewa amalowedwa pa khomo limodzi. Bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limalandira mafomu, ndipo wophunzira amalemba makosi angapo motsatana, yoyamba kukhala yomwe akuifunitsitsa. Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti. Pamafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 omwe mwana wakhoza bwino koposa. Msampha uli pomwepa. Mwana akhoza kubweretsa mapointi okongola atanyamulidwa ndi Chichewa, Baibulo, zaulimi ndi jogalafe, masamu ali pa 5, fizikisi pa 6. Pakhomo pamaphedwa nkhuku, aliyense n'kumamutchula kale injiniya. Koma chaka choyamba ndi chachiwiri cha uinjiniya, kulikonse kumene angapite, ndi masamu m'mawa, masamu masana, fizikisi, kemisitiri ndi kujambula mapulani. Amene masamu ankawakhoza mokakamiza amayamba ndi sapu imodzi, kenaka ziwiri, kenaka kubwereza chaka, mapeto ake n'kuwidedwa, kubwerera kumudzi ndi chikwama ndi ngongole. Mphunzitsi wa masamu wa kusekondale amadziwa bwino kuposa amalume ngati mwanayo angapirire, ndipo ndi amene ayenera kufunsidwa fomu isanalembedwe. Kulemba makosi a mpikisano woopsa okhaokha, osasiyako mpata wa kosi ina yomwe magiredi ake akufikapo bwinobwino, kwasiyitsa ana anzeru ambiri panja.

Tsono tinene kuti kosi yadziwika, ndipo ikupezeka m'masukulu awiri, kapena mwina makolo akulingalira za sukulu yomwe si ya boma, kapena ya kunja. Chosiyanitsa chachikulu chili m'chipinda chomwe alendo saonetsedwa kawirikawiri: labu.

Mu labu ya zomangamanga muli ntchito ina yooneka yonyozeka. Ophunzira amasakaniza simenti, mchenga, miyala ya kwale ndi madzi, atayeza chilichonse pa sikelo. Konkireyo amaithira m'tizikombole tachitsulo ta masentimita 15 mbali zonse, pang'onopang'ono, akutsinja ndi kamtengo kachitsulo kuti mpweya utuluke. Mawa lake amamasula zikombolezo, amalemba tsiku pa kabuloko kalikonse, n'kutimiza tonse m'thanki ya madzi. Pakatha masiku 7 amavuula tina, pakatha masiku 28 amavuula totsalato, n'kutiika pakati pa mbale ziwiri zachitsulo za makina opsinja. Makina amayamba kulira, muvi kapena manambala akukwera, kabuloko kali zii. Kenaka m'mbali mumayamba ming'alu, tizidutswa tikugwa, mpaka phwaa. Konkire ya giredi 25, yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nsanamira ndi masilabu, imayenera kupirira kulemera kwa matani pafupifupi 57 pa kabuloko kamodzi kolemera makilogalamu 8 okha. Mphunzitsi wochenjera amauza gulu lina kuti lionjezere madzi, monga amachitira amisiri pa sayiti pofuna kuti konkire isavute kupalasa ndi fosholo. Tsiku la 28 likakwana, timabuloko ta gulu limenelo timasweka msanga, onse akuona. Mtsikana kapena mnyamata amene waona zimenezi ndi maso ake sadzalola foromani kuthira ndowa yoonjezera pa mlatho, ngakhale foromaniyo akhale wamsinkhu wa bambo ake. Amene anangoziwerenga pa bolodi amadziwa nambala yake, koma akaima pa sayiti pakati pa anthu odziwa ntchito, mawu amamuthera.

Kosi iliyonse ili ndi kabuloko kake. Wa zamagetsi ayenera kulumikiza mota ndi manja ake, kuona fyuzi ikupsa, kuwerenga mafunde pa osilosikopu. Wa makina ayenera kusema chitsulo pa lefu ndi kuwotcherera mpaka msoko wake utasiya kuoneka ngati zitosi. Wa kemisitiri ayenera kutsegula ndi kutseka mavalavu a makina otchezera, osangowajambula m'kope. N'chifukwa chake funso loti sukulu ili ndi labu silokwanira. M'masukulu ambiri a mu Africa muno muli makina okongola, mphatso za abwenzi akunja, omwe anaima kalekale chifukwa chosowa kasipeya kamodzi kapena munthu wodziwa kuwakonza. Pa chithunzi cha m'kabuku kotsatsa sukulu amaoneka owala. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Woyankha zoona ndi wophunzira wa chaka chachinayi, atapezedwa pa kantini kutali ndi ofesi. Ameneyo anganene kuti makinawo anawagwira liti komaliza, kuti pa makina amodzi amaunjikana anthu angati, kuti magetsi akazima jenereta imalira kapena kalasi imangobalalika, ndiponso kuti aphunzitsi amene mayina awo ali m'kabuku aja amaonekadi m'kalasi kapena ali kunja kukachita maphunziro awo, kapenanso amathera nthawi ku makontirakiti.

Za aphunzitsi n'zofunika kuziona mbali ziwiri. Injiniya amene amaphunzitsa uku akupanga mapulani a milatho yeniyeni amabweretsa m'kalasi zinthu zomwe m'buku mulibe, ndipo ndi amene amatsegulira ophunzira ake makomo a ntchito. Vuto limakhalapo pokhapokha kontirakiti ikameza kalasi.

Chinthu china chosaoneka pa chithunzi ndi anansi a sukuluyo. Chitsanzo chabwino chili pa chipatala cha Queen Elizabeth. Ana obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma chifukwa mapapo awo amafota mpweya ukatuluka, ndipo makina owathandiza a m'maiko olemera anali odula moti zipatala zathu sizikanawafika. Ophunzira a Rice University ya ku Houston, m'dziko la America, mogwirizana ndi madokotala a pa Queen Elizabeth, anapanga makina otsika mtengo otchedwa Pumani. Oyambirira ake anali a timapampu ta m'matanki oweteramo nsomba zokongoletsera m'nyumba, ndi botolo la madzi. Mpweya umapita m'mphuno mwa khanda kudzera m'kapaipi, ndipo nsonga ina ya kapaipiko imamizidwa m'botolo muja. Kuya kwa madzi n'kumene kumalamula mphamvu ya mpweya wotsala m'mapapo. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2014 anaonetsa kuti mwa makanda ovutika kupuma omwe anaikidwa pa makinawa, 71 pa 100 alionse anatuluka m'chipatala amoyo, pamene mwa omwe anangolandira okosijeni wamba anali 44. Ubale umenewu unabala chipinda chopangiramo zinthu pa Poly mu 2016, momwe ophunzira amatenga vuto lenileni la m'wodi, kuyesa kulipangira chipangizo, kupita nacho kwa anamwino, kudzudzulidwa, n'kubwerera kukakonzanso. Zinatheka mosavuta chifukwa kuchokera m'kalasi kukafika kuwodi ya ana ndi ulendo wapansi. Ku MUST nako kuli ubale wake: African Drone and Data Academy, yomwe UNICEF inatsegula mu 2020 pamodzi ndi Virginia Tech yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa madroni, inagwirizana ndi sukulu imeneyi. Posankha sukulu, ndi bwino kufunsa kuti imagwira ntchito ndi chipatala chiti, fakitale iti, mgodi uti, chifukwa atachimenti ya chaka chachinayi imachokera m'maubale oterewa, ndipo ntchito yoyamba nthawi zambiri imachokera ku atachimenti.

Kenaka pali nkhani ya mapepala, yotopetsa koma yoluma. NCHE imalembetsa sukulu, komanso imavomereza kosi iliyonse payokha. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino, kosi yake ya zamalonda n'kukhala yovomerezeka, koma ya uinjiniya yomwe yangoyamba kumene isanaunikidwe. Mndandanda wake bungweli limautulutsa poyera, ndipo kholo lisanapereke tambala liyenera kupezapo dzina la kosi yeniyeniyo. Mawu oti "zili m'njira" amene amanenedwa pa ofesi yolandirira alendo asalowe m'malo mwa kalata. Digiri ikapezeka ulendo sunathe. Lamulo la 2019 linakhazikitsa Malawi Engineering Institution, bungwe lomwe limalembetsa mainjiniya m'dziko muno. Womaliza maphunziro amalembetsa kaye ngati wongotuluka kumene kusukulu, amagwira ntchito zaka zingapo pansi pa injiniya wokhwima, kenaka amaunikidwa kuti akhale woima payekha, woti siginecha yake pa pulani ikhale ndi mphamvu. Ngati bungweli silikuizindikira digiri yake, munthu akhoza kudziwa ntchito koma moyo wake wonse n'kumasainiridwa ndi ena.

Amene akuyang'ana kunja ali ndi mafunso oonjezera. Mayunivesite a ku South Africa monga Witwatersrand, Cape Town, Pretoria ndi Stellenbosch amapereka digiri ya uinjiniya ya zaka zinayi, koma MSCE payokha kawirikawiri siikwanira kulowera. Amafuna A-Level kapena maphunziro ena apamwamba pake, ndipo ku Britain n'chimodzimodzi. Ubwino wa madigiri a kumeneko ndi pangano la Washington Accord, lomwe linasainidwa mu 1989, loti mabungwe a mainjiniya a maiko olowamo azilemekezerana madigiri omwe anawavomereza. South Africa inalowa mu 1999, India mu 2014, China mu 2016, Malawi sanalowe. Koma apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwa. Panganoli limakhudza makosi okhawo omwe bungwe la dzikolo linawaunika n'kuwavomereza, osati sukulu iliyonse ya m'dzikomo. Ku India kuli makoleji a uinjiniya masauzande, ena apamwamba zedi, ena ongofuna fizi ya mlendo, ndipo ejenti amene amalandira komishoni pa mutu uliwonse sangauze kholo kusiyana kwake. Ku China maphunziro ambiri a digiri yoyamba amaphunzitsidwa m'Chitchaina, moti chaka chathunthu chimapita pophunzira chinenerocho masamu asanayambe. Kufupi konkuno, University of Zambia ku Lusaka ndi Copperbelt University ku Kitwe zakhala zikusula mainjiniya a migodi kwa zaka zambiri, migodi ya kopa ili pakhomo, ndipo wofuna ntchito imeneyo asazidumphe pothamangira kutali.

Fizi ya kunja imalipidwa m'madola, pamene malipiro a bambo ali m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kholo lomwe linali ndi fizi ya madola 3,000, mwachitsanzo, linagona likufuna K3.5 miliyoni n'kudzuka likufuna K5.1 miliyoni, osawerengera vuto lopeza madolawo kubanki. Mwana wobwerera ali chaka chachitatu, wopanda pepala lililonse, amakhala wataya zambiri kuposa mnzake amene anayamba ndi dipuloma konkuno.

Ngakhale kwathu konkuno, ndalama ziwerengedwe za zaka zonse. Ku MUBAS ndi ku MUST digiri ya uinjiniya ndi ya zaka zisanu, chaka chimodzi kuposa makosi ambiri, ndipo chaka choonjezeracho chili ndi lendi yake, chakudya chake ndi sopo wake. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linayamba mu 2015, limakongoza ophunzira osowa ndalama za fizi ndi zodyera, koma si onse opempha amene amalandira, ndipo ndi ngongole, idzabwezedwa. Malo ogona m'mahositelo sakwanira onse. Wophunzira wa ku Blantyre akasowa bedi pasukulu amakachita lendi ku Chitawira, ku Naperi kapena ku Nkolokosa, kugawana kachipinda ndi mesho, kuyenda wapansi m'mawa ndi usiku. M'tauni zinthu n'zodula, koma muli maganyu: kuphunzitsa ana masamu, kukonza mafoni, kujambulira anthu mapulani a nyumba. Ku Ndata ndi ku Bunda kuli bata lowerengera, koma maganyu ndi ochepa ndipo kukafika kufakitale kumafuna thiransipoti. Laputopu nayo isaiwalike. Mapulogalamu ojambulira mapulani ndi olemera, ndipo kakompyuta kotchipa kongolembera makalata kamaima pakati pa ntchito, usiku woti mawa lake aipereke.

Pa makosi atsopano okhala ndi mayina okopa, chenjezo ndi ili: kosi ikakhala yopapatiza, moyo wa mwini wake umamangirika ku msika umodzi. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, anthu n'kumati Malawi walowa m'gulu la maiko a migodi. Mu 2014, mtengo wa yureniyamu utagwa pa msika wa dziko lonse, mgodiwo unaima, ndipo unakhala chiimire kwa zaka zoposa khumi. Lero mayina a Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka, Songwe ku Phalombe ndi Kanyika ku Mzimba ali pakamwa pa aliyense, ndipo n'zotheka kuti amene akuyamba za migodi panopa adzamaliza nthawi yabwino. Koma mwana wa zaka 18 adziwe kuti akubetcha. Injiniya wa makina kapena wa zamagetsi akhoza kugwira ntchito kumgodi, mgodi ukatsekedwa n'kupita ku fakitale ya shuga, ya tiyi kapena ya simenti. Wa migodi yekhayekha, mgodi ukatsekedwa, njira yake ndi ya ku Zambia, ku Tete kapena ku South Africa. Amene saopa pasipoti, palibe vuto. Amene sakudziwa bwinobwino chomwe akufuna amachita bwino kutenga kosi yotakata, n'kudzapapatiza pa digiri yachiwiri.

Atsikana amauzidwa zambiri zowabweza: kuti ntchito yake ndi ya fumbi, kuti m'kalasi akakhala okha, kuti palibe amene adzamvere mkazi pa sayiti. M'makalasi ambiri a uinjiniya anyamata akadali ochuluka, izo n'zoona. Koma gawo la uinjiniya pa Poly linatsogoleredwapo ndi mayi, Pulofesa Theresa Mkandawire, injiniya wa zomangamanga, ndipo makina opsinja konkire aja safunsa kuti wasakaniza ndani. Chomwe kholo la mtsikana liyenera kufunsitsa ndi malo ogona: ngati a chaka choyamba amapatsidwa bedi pasukulu, ndi mmene njira yochokera ku laibulale imakhalira usiku.

Nanga amene dzina lake silinatuluke pa selekishoni? Makoleji a ntchito zamanja a Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, omwe maphunziro ake amayang'aniridwa ndi TEVETA, amatulutsa amisiri a zamagetsi, zamagalimoto, zowotcherera ndi zomanga, ndipo injiniya mmodzi sangayendetse fakitale popanda amisiri ambiri omuzungulira. Amene wachita bwino pa dipuloma ali ndi mwayi wodzalowa digiri pambuyo pake ngati wophunzira wamkulu, ndipo oterewa mu labu ndi amene anzawo amawazungulira, chifukwa waya anaugwira kale. Njirayi ndi yaitali, koma ndi yabwino kuposa kulipira zaka zisanu pa sukulu yomwe ili ndi chikwangwani cha uinjiniya pageti, m'kati muli mabenchi ndi choko basi.

Tsono inu amene fomu ili m'manja, ndi inu makolo amene mudzagulitse chimanga ndi mbuzi kuti mwanayu aphunzire, musatumize fomuyo musanapondeko. Ndalama ya basi yopita ku Blantyre, ku Thyolo, ku Bunda kapena ku Mzuzu ndi yochepa poyerekeza ndi fizi ya zaka zisanu. Mupite tsiku la sukulu, makalasi ali m'kati. Mupemphe kuona labu ya kosi yomwe mwasankha, mucheze ndi wophunzira wa chaka chachinayi, ndipo ngati sukuluyo si ya boma, muone ndi maso anu kalata ya NCHE yokhala ndi dzina la kosiyo.